Wowerenga Tulo ta Ena

Twaibu wa kabaza amandidziwira chikwama.
Sikisi koloko ali kale pampanda wa a Nachisale,
belu kawiri, kenako funso lake lomwe lija:
"Adokotala a mitu, lero mutsegula wa yani?"
Sinditsegula mutu wa munthu, Twaibu,
ndipo udokotalawo ukadali kutali,
zaka ziwiri, mwina zitatu, ndalama zikapanda kutha.
Iye amangoseka n'kupalasa,
tcheni chikudandaula mpaka pachipata cha chipatala cha Nkhotakota.

Pabedi lakukona pali mnyamata wa kutsidya kwa Bua.
Kashembe anamuluma akutola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango.
Masana amagona supuni ili m'manja,
usiku amakhala tsonga, kuitana mbuzi zake mayina.
Ndinamumanga kawotchi pamkono,
kolemba nthawi iliyonse thupi likatembenuka,
ndipo ntchito yanga ndi kuwerenga timizere take,
tokhota ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera.
Kaodzera wasokoneza koloko ya muubongo.
Mayi ake akuti, kodi koloko imeneyo imakonzeka?
Ndikuti mankhwala akugwira ntchito.
Zinazo sindizidziwa, n'chifukwa chake ndili pano.

Lachiwiri magetsi anathima,
timabotolo ta miyezi isanu ndi inayi tili m'firiji.
Ine ndi a Kalichero tinagwada pajenereta
kuinyengerera ngati ng'ombe yokana goli.
Itatsokomola n'kulira, ndinawakumbatira,
iwo anachita manyazi, napukuta manja pathalauza.

Lachisanu ndine munthu ngati anthu ena.
Timaponya mpira wamanja ndi anamwino kuseri kwa wodi ya ana,
ine ndimagwetsa, iwo amati ubongo wachuluka, manja palibe.
Tikatero tikakhala pakhonde pa Esinta
kukangana za nsalu ya chinkhoswe chake,
wina akufuna yobiriwira, wina akuti imeneyo ndi ya kwaya.
Ndimasonkha zanga mochedwa, amandilemba ndi pensulo.
Mwanaisha akamaseka ndimaona mtsempha ukugunda m'khosi mwake,
dzina lake lachilatini limandifikira pakamwa,
ndimalimeza pamodzi ndi chinangwa chokazinga.

A Nachisale akuti ndiwayeze, ayamba kuiwala:
makiyi, dzina la mpongozi, pomwe anabisa machesi.
Koma tsiku la lendi silinawatayikepo.

Amayi aimba kuchokera ku Dwangwa:
"Sukulu yakoyi ili ndi mathero?
Mnzako Filesi wabereka wachitatu."
Ndikuti ndatsala pang'ono.
Aphunzitsi anga nawo abweza mutu wachitatu wa kafukufuku
uli psuu, ngati wadutsa pokupha nkhuku,
ndipo bandulo yandithera ndisanawerenge ndemanga yomaliza.

Thu koloko usiku ndili maso,
udzudzu ukufufuza pomwe neti inang'ambika.
Ndinayesa kuvala kawotchi kotsala sabata yathunthu.
Timizere tanga ndi ta mnyamata uja
tinafanana ngati ta pachibale.
Sindinauze aphunzitsi.

Lero m'mawa ndatsegula kompyuta, tiyi akuzizira,
ndapeza mzere wogona phee,
kuchokera naini usiku mpaka tambala wachiwiri.
Ndinayamba ndaganiza kuti batire yafa.
Ndathamangira kuwodi, patapata m'manja,
ndamupeza akudya phala, maso ali gwa,
akukalipira mayi ake kuti mbuzi yamawanga aisiyira yani.

Pobwerera ndamuonetsa Twaibu pepalalo.
Waimika njinga, phazi limodzi pansi,
walitembenuza, walitembenuzanso.
"Adokotala, apatu sipanalembedwe kanthu."
Eya, Twaibu. Usiku wonse sipanachitike kanthu.
Palasa, ndikagone.